Dzanja la Che Jafali

Che Jafali tinawaika m'manda tsiku lomwelo limene anamwalira, dzuwa lisanalowe, monga mwa chipembedzo chawo. Ine Mkhristu wa ku Ntcheu ndinazolowera maliro ogonera, oti munthu umakhala pansi, kulira, kudya, kuliranso. Awa ayi. M'mawa foni, masana kusambitsa, madzulo mchenga wa ku Cape Town wawakwirira kale. Pobwerera mu tekisi ndinangozindikira ndikuseka ndekha, mayi wina n'kumandiyang'ana ngati ndasuta. Ndinkaseka chifukwa maliro amenewa anawayenera mwini wake. Munthu uja sankatha kukhala pansi, ndipo tikanawagoneka masiku awiri akanadzuka n'kutifunsa chimene tikudikira.

Kwawo kunali ku Ntaja, ku Machinga. Umakaniko anaphunzirira pa malole ku Limbe, anadutsa ku Joni, n'kudzathera kuno. Ine ndinawapeza ali kale ndi imvi pa garaja ya a Hennie ku Brackenfell, kumene ndimagwira ntchito yowotcherera. Garaja yathu imakonza magalimoto amene eni ake amapita nawo Loweruka ku bwalo la mipikisano, limene tonse timangoti ku thiraki, kukathamanga mozungulira mpaka matayala atanunkha. A Hennie ankawatchula kuti Oom Jafali, kutanthauza amalume m'chinenero chawo. Ine ndinkati Che Jafali, kapena madala ndikafuna kuwaputa. Iwo dzina langa sanalitchulepo n'kamodzi komwe. Ndinali Angoni basi, kuyambira tsiku loyamba.

Ankadya ataimirira. Tiyi wawo tinkamupeza paliponse: pa batire, pa jeke, pansi pa galimoto, atazizira, iwo ali kwina akufunsa amene wawabera kapu. Ukamalankhula nawo ankakuzungulira, iwe n'kumatembenuka nawo mpaka chizungulire. Tsiku lina ndinawauza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Anandiyankha kuti alibe nazo ntchito nkhono, ndikazidye ndekha. Nthawi yokhayo imene ndinkawaona atakhazikika inali ya swala, pa katoni yawo kuseri kwa makina opopera mpweya, ndipo ngakhale pamenepo ndinkakayikira kuti khutu limodzi lili ku injini imene tinkaliza.

Kukwera nawo tekisi kuchokera ku Delft, kumene tonse tinkachita lendi, kunali kuchita manyazi m'mawamawa. Dalaivala akangokhota pa loboti, pampu ya chiwongolero n'kulira kuti wiii, Che Jafali ankayamba kusuntha pampando. Kenako ankamugogoda paphewa n'kumuuza, mu Chizungu chosakaniza ndi Chixhosa ndi Chiyao pang'ono, kuti oilo wa chiwongolero watha. Madalaivala a kuno sauzidwa zinthu ndi munthu wokwera. Wina anatitsitsa panjira, mvula ikugwa. Ine ndinatukwana njira yonse, iwo ali patsogolo akungobwereza kuti pampu ija sifika Lachisanu.

Oilo wa chiwongolero ndiye anali nkhani yawo, ya m'mawa, masana ndi madzulo. Ankati injini ili ndi abale ambiri, aliyense amaifunsa kuti yadzuka bwanji. Mabuleki nawo amaopedwa, chifukwa akakana aliyense amadziwa kumene akupita. Koma oilo amene amafewetsa chiwongolero ndi mwana wamasiye, amakhala m'kathanki kake pakona, palibe womukumbukira mpaka tsiku limene wadwala. Mumsewu wamba zilibe kanthu. Ku thiraki injini imakhala ikukuwa nthawi yonse, pampu ikuzungulira nayo limodzi, matayala ndi otambalala ndiponso omata, dalaivala akupotoza uku ndi uku osapuma. Oilo uja amatentha, amasungunuka, amachita thovu, kenako amalavula pa chivundikiro. Thovu silikankha kanthu. Chiwongolero chimauma munthu ali pakati pa kona, ndipo oilo wolavulidwayo akagwera pa ekizozi ndi utsi, mwinanso moto.

Ndinamva zimenezi kambirimbiri mpaka ndimazilota. Osadzazitsa kathanki, oilo akatentha amafuna malo. Oilo akada n'kuyamba kununkha ngati nyemba zopserera, mutayeni, musamumvere chisoni. Mukathira watsopano, kwezani galimoto pa jeke, potozani chiwongolero mbali zonse pang'onopang'ono mpaka mpweya utuluke. Paipi isayandikane ndi ekizozi. Dalaivala akamaliza kuthamanga azungulire kamodzi mwaulesi mphepo ilowe, asamangofika n'kuzimitsa. Akaona munthu wapotoza chiwongolero mpaka kumapeto n'kuchikanikizabe, pampu ikulira, ankathamanga kuchokera mbali ina ya garaja akukupiza manja ngati aona mwana akusewera ndi mpeni.

Ndiye panali nkhani ya masokosi. Galimoto iliyonse yopita ku thiraki ankaiveka sokosi pa chivundikiro cha kathanki, n'kumanga ndi kawaya. Ntchito yake inali kugwira oilo akalavula kuti asafike pa ekizozi, komanso kuwauza iwo ngati walavula. Masokosiwo anali awo omwe. Ankangovula imodzi pomwepo, galimoto ili pa thirela, ndiye tsiku lonse ankayenda phazi limodzi lili ndi sokosi, lina lilibe. Mwana wawo Asiyatu anawatumizirapo masokosi abwino kuchokera ku Ntaja, poti anamva kuti kuno kumazizira. Onse anathera m'maboneti a azungu.

Koma chimene ankanyadira kwenikweni chinali dzanja lawo lamanja. Galimoto ikangotuluka mu thiraki, boneti itsegulidwe, ndipo pasapezeke wina wofika pa kathanki iwo asanafike. Ankaika kuseri kwa zala pambali pake, mutu utapendekeka, n'kunena chiweruzo: ipite, kapena idikire. Zaka zonsezo madalaivala ankayenda pa mawu amenewo, ndipo sanagwe nawo m'mavuto. Ine ndinkawauza kuti masiku ano kuli geji, kachipangizo koika pa dashibodi kosonyeza kutentha, tiike basi tipume. Apa ndiye pamene tinkayambanirana kwambiri.

"Geji imafa, Angoni," ankatero. "Waya umodzi ukaduka, singano imagona pansi, inu n'kumati zonse zili bwino."

"Nanga dzanja silifa?"

"Lanu mwina. Lanu munaliwotcha ndi Kachasu."

Tinkayambana pa china chilichonse. Ndikawotcherera kachitsulo kogwirizira kalediyeta kakang'ono koziziritsa oilo, ankati ndakabisa kuseri kwa bampala kumene mphepo sifika. Ndikakasuntha, ankati tsopano ndatsekera lediyeta yaikulu. Tsiku lina ndinati tikalumikize pa paipi yochokera ku pampu poti inali pafupi. Anandiyang'ana ngati ndatukwana mayi awo. Paipi imeneyo ndi ya mphamvu, anatero, kalediyeta kangaphulike. Malo ake ndi pa paipi yobwerera ku kathanki, kumene oilo watopa kale. Anali kunena zoona, ndipo zimenezo ndiye zinkandinyansa kwambiri. Tinatha sabata osapatsana moni, tikukwera tekisi imodzi, mpando umodzi.

Miyezi yawo yomaliza, m'chipinda chawo cha kuseri kwa nyumba ya mayi wina ku Delft, a chipatala anawauza kuti phazi lili ndi bala, aligoneke pa pilo. Ndinkapita kukawaona ndikaweruka. Sindinawapezepo ataligoneka. Ankadumphadumpha ndi ndodo kuchoka pa bedi kupita pakhomo, kuchoka pakhomo kubwerera pa bedi, chipinda choti ukatambasula manja ukhudza makoma onse awiri. Foni inkalira, Asiyatu.

"Baba, bwerani kunyumba. Adzukulu anu sakukudziwani nkhope."

"Ndibwera, mama. Pali galimoto imodzi yokha."

"Galimoto imeneyo ndi m'bale wanu?"

Ankadula foni n'kundiyang'ana ngati ndine ndawaneneza. Ine ndinali kumbali ya Asiyatu, ndipo ndinkawauza poyera kuti wamkulu sauzidwa koma apa mukulakwa, madala. Yankho lawo linali limodzi nthawi zonse: munthu sabwerera kwawo atachita kuchotsedwa pantchito yake ngati tayala lakutha. Adzapita akadzamaliza, osati akadzamalizidwa.

Galimoto ankanenayo inali yofiira, yakale, ya garaja yathu yomwe. Woyendetsa wake ndi Anel, mwana wamkazi wa a Hennie, amene Che Jafali anamuona akukula pakati pa masipanala. Ndi iwo anamuphunzitsa kusintha tayala, ndipo ali wamng'ono ankamubisira masiwiti m'bokosi la zida. Tsiku limene ndikufuna kunena linali Loweruka la mu February, kutentha kwa kuno kwenikweni, mphepo ya kunyanja itasowa, phula likuchita kunyezimira. Sabata imeneyo tinali titaika matayala otambalala kuposa akale. Anel anathamanga chigawo cha m'mawa n'kulowa. Ine ndinali pansi pa galimoto ya kasitomala wina ndikumanga ekizozi, ndinangomva boneti ikutseguka, kenako mawu aja amene tonse tinawazolowera.

"Ali bwinobwino. Ipite."

Inapita. Inazungulira kangapo bwinobwino, kenako kumapeto kwa msewu wautali wowongoka, pamene pali kona yakuthwa, tinaona utsi woyera ukutuluka mu boneti. Galimoto sinakhote. Inapitirira molunjika, kudutsa mumchenga, n'kukagunda mpanda wa matayala. Phokoso lake silinali lalikulu. Che Jafali, munthu wa imvi, anadumpha kampanda kamene anthu saloledwa kudumpha n'kuyamba kuthamanga, oyang'anira akuwakuwira. Anel anatuluka yekha, atagwira dzanja lamanzere limene linathyoka pamfundo. Anati chiwongolero chinangouma mwadzidzidzi ngati wina wachikhomera.

Atakokera galimoto kwa ife, sokosi ija inali itanyoweratu, oilo ali ponseponse, akununkha kupserera. Che Jafali ankazungulira galimoto, akubwereza kuti sizingatheke, anagwira okha, anali wofunda chabe. Anel ndiye anaona, ali chikhalire pa bokosi la zida, nkhope ili mbuu ndi ululu wake womwe.

"Oom, dzanja lanu."

Kuseri kwa zala zitatu kunali matuza akuluakulu, limodzi litaphulika kale, khungu likulendewera. Anali atapsa pa kathanki paja, ndipo sanamve kanthu. Analikweza n'kumaliyang'ana mbali zonse, ngati dzanja la munthu wina limene alitola pansi. Kenako, kwa nthawi yoyamba chiwadziwireni, anakhala pansi osauzidwa, pa phula lotentha lomwelo.

Anali matenda a shuga. Anali atawadya mitsempha ya kumapazi kalekale, ndipo tsopano anafika ku zala. A chipatala anawachenjezapo za mapazi, koma za manja iwo sanafune kuziganizira. Pobwerera tsiku limenelo sanamugogode dalaivala wa tekisi ngakhale pampu inkalira. Titatsika anandiuza mawu ochepa.

"Linandiuza kuti wazizira, Angoni. Dzanja langa lomwe."

Ndinawamvera chisoni kwambiri, ndipo ndinadziwa kuti ndikachionetsa andida mpaka imfa.

A Hennie sanawachotse ntchito. Anaika geji pa galimoto iliyonse, n'kunena mwaulemu kuti Oom azitsala ku garaja Loweruka, ku thiraki kuli dzuwa. Anawaguliranso mpando wabwino wa khushoni. Che Jafali anathokoza, n'kuikapo giyabokosi. Kwa masabata angapo ankangoyendayenda, bandeji kudzanja, osakhudza galimoto iliyonse, osatukwana munthu, tiyi akumwa mpaka kumaliza. Garaja inakhala ngati pamaliro. Ndinayesa kuwaputa, ndinawotcherera dala kachitsulo mokhota kuti andikalipire. Anakayang'ana n'kudutsa.

Galimoto yofiira itabwera kowongoledwa, anaima patsogolo pake nthawi yaitali ndithu. Kenako anabwera pa benchi yanga, akuyang'ana kumbali.

"Angoni, ndibwerekeni dzanja."

Ndinaganiza kuti akufuna ndiwanyamulire chinthu. Ayi. Anandigwira pamkono, kupita nane pa galimoto ina imene injini yake inali ikulira, n'kuika kuseri kwa zala zanga pa kathanki, pamalo pamene iwo sankalola munthu kufika.

"Mukumva chiyani?"

"Kutentha."

"Ngakhale mbuzi inganene zimenezo. Kutentha kotani?"

Apa ndiye panayambira sukulu imene sindinalembetse. Anagawa kutentha ndi tiyi, poti ndi chinthu chimene tonse awiri tinkachidziwa. Tiyi wopatsa mwana, ndiye kuti oilo sanagwire ntchito. Tiyi womwa munthu wamkulu, ali bwino. Tiyi woyamba wauzira, galimoto idikire. Ketulo, chotsa dzanja msanga ndipo wina asayerekeze kuliza injini. Ndikayankha mwaulesi ankapsa mtima, ine n'kupsanso mtima, n'kuwauza kuti dzanja ndi langa, ndikhoza kupita nalo. Garaja inadzukanso.

Galimoto yofiira tinaimanga mwatsopano, iwo pakamwa, ine manja. Tinaika kalediyeta kokulirapo patsogolo penipeni, pamene mphepo imamenya. Tinasintha pule, gudumu la lamba lozungulitsa pampu, n'kuika yaikulu kuti pampu isamathamange kwambiri injini ikakuwa. Mapaipi tinawapatutsa, n'kuika chitsulo chotchinga pakati pawo ndi ekizozi. Oilo tinathira wa mtundu wopirira kutentha. Geji sanaichotse, ndipo sanainenenso zoipa, koma ankaiyang'ana ngati mkazi wachiwiri wa bambo awo.

Dzanja la Anel litapola anabwereranso ku thiraki, ndipo Loweruka lililonse la mpikisano ntchito yanga inali yodziwika. Galimoto ikalowa, nditsegule boneti, dzanja limodzi pa kathanki, lina pa foni. Che Jafali ankakhala ali okha ku garaja yotseka, ndipo ankayankha foni isanamalize kulira koyamba.

"Mwagwira?"

"Ndagwira. Womwa munthu wamkulu."

"Sokosi?"

"Youma."

"Geji ikuti chiyani?"

"Ikugwirizana nane."

"Kunja kukuzizira, n'chifukwa chake. Musanyade."

Nthawi zonse ankatero. Inali miyezi ya mvula ndi mphepo, poti kuno mvula imagwa m'nyengo yozizira, ndipo kwa iwo zimenezo sizinali mayeso. Anati galimoto ija anaiphonya tsiku lotentha, ndiye adzaikhulupirira ikadzatha tsiku lathunthu lotentha ngati lomwe lija, oilo osalavula. Likadzafika tsiku limenelo adzakwera basi ya ku Malawi. Anamuuza Asiyatu zomwezo. Anel yemwe anawachonderera kuti apite, anati analibe nawo mlandu ngakhale pang'ono. Anamuyankha kuti iye alibe nawo mlandu, koma iwo ali nawo.

Bala la kuphazi linayamba mu July. Mu September mvula isanathe, mayi wa nyumba ija anandiimbira m'mawa kuti atisiya. Ndinakwiya nawo Che Jafali, ndisaname, ndipo mkwiyowo sunatheretu. Munthu anali ndi adzukulu omudikira, n'kumadikira dzuwa.

Dzuwalo linabwera Loweruka lapitali. Kunatentha moti oyang'anira ankathira madzi m'zipewa zawo. Anel anathamanga m'mawa, anathamanga masana, anathamanganso chigawo chomaliza dzuwa litapendeka. Nthawi iliyonse singano ya geji inali pakati. Atalowa komaliza ndinatsegula boneti ndithu, ndinaika zala. Womwa munthu wamkulu. Sokosi, imene tsopano imakhala yanga, inali youma. Dzanja linalo linali litatulutsa kale foni m'thumba ndisanaganize. Ndinaima nayo choncho, Anel akundiyang'ana, kenako anatembenuka n'kupita kuseri kwa thirela.

Lolemba ndinalawirira ku garaja anzanga asanafike. Kumbuyo kwenikweni kuli zenera limodzi laling'ono, malo okhawo amene foni imagwira bwino m'nyumba ya malata ija. Pamenepo ndiye Che Jafali ankadikirira foni yanga. Simenti ya garaja yonse ndi yakuda ndi oilo wa zaka zambiri, koma pansi pa zeneralo pali kanjira kotuwa, kuchoka pakhoma kufika pa mzati, kamene nsapato zawo zinapala popita ndi pobwera. Mnyamata watsopano amene a Hennie analemba waunjikapo kale matayala mbali imodzi, moti katsala theka. Pa zenera pali fumbi ndi msomali wopanda kanthu. Ndinaima pa theka lotsalalo, ine munthu wamkulu ndi ndevu zanga, n'kulankhula mokweza.

"Wazizira, Che Jafali. Tsiku lonse, dzuwa lili pamutu. Mukhoza kupita kwanu."

Malata anali atayamba kale kuthetheka ndi kutentha kwa m'mawa. Ndinadikira pang'ono, kenako ndinapita kukatsegula chitseko chachikulu.